Bakkie ikamanjenjemera pokoka ngolo: pezani gwero musanapite kogula sipeya

Dandaulo lake limafanana kwa ambiri. Bakkie (galimoto ya pikapu) ikakhala yokha imayenda myaa, kaya ndi m'tauni kaya pa msewu wa ku Mutoko ku Zimbabwe. Koma mukaikolekera ngolo (trailer) yodzaza katundu wopita kumudzi, liwiro likangofika pakati pa 80 ndi 100 km pa ola, popondapo mapazi pamayamba kunthunthumira, galasi loonera kumbuyo silionetsanso bwino, ndipo m'kati mumamveka huuu wotseka makutu. Mukamasula ngolo, zonse zii. Makaniko akaiyendetsa yopanda katundu amabwerako n'kunena kuti galimoto ilibe vuto, ndipo sakunama, chifukwa matendawo amaoneka pokhapokha ikukoka.

Ndalama zambiri zimathera pamenepa. Munthu amayamba ndi kubalansa matayala, kenako mashoko, kenako senta bering'i yogula mu Kaguvi Street kapena ku Magaba mu Harare, koma kunjenjemera kuli pomwepo. Chimene chimasokoneza n'chakuti ngolo imasintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Imakhalitsa galimoto pansi kumbuyo, motero propshaft, chubu chachitsulo chozungulira chotengera mphamvu ku mawilo a kumbuyo, imapendekeka mosiyana ndi masiku onse. Imachulukitsa mphamvu yodutsa m'giyabokosi, m'propshaft ndi m'difu (bokosi la magiya la pa ekiselo ya kumbuyo). Komanso imabwera ndi matayala, mabering'i ndi mabuleki akeake. Ntchito yonse ndi kulekanitsa zitatuzi, ndipo yambiri mungaigwire ndi foni, tepi yoyezera, choko ndi matumba a simenti.

Kunjenjemera kuli ndi nambala yake

Chilichonse chozungulira m'galimoto chikakhala ndi vuto, chimagwedeza galimoto mogwirizana ndi liwiro lake. Mukadziwa kuti kugwedezako kukuchitika kangati pa sekondi, mwadziwa kale komwe muyang'ane.

Tengani tayala la 265/65R17, lomwe lili pa ma double cab ambiri. Kutalika kwake ndi pafupifupi 776 mm, ndipo likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.4. Pa 100 km pa ola galimoto imadya mamita 27.8 pa sekondi, ndiye tayalalo limazungulira ka 11.5 pa sekondi. Propshaft imazungulira mofulumira kuposa apo malinga ndi ratio ya difu yanu, kutanthauza maulendo amene imazungulira tayala likazungulira kamodzi. Ngati ratio ndi 3.9, chulukitsani 11.5 ndi 3.9, mupeza ka 45 pa sekondi, kapena ka 2,700 pa mphindi. Universal joint (joyinti yopinda ya pa propshaft) yopendekeka molakwika imagwedeza kawiri pa kuzungulira kulikonse kwa propshaft, ndiye nambala yake ndi 90. Injini ya masilinda anayi pa 2,000 rpm (kuzungulira pa mphindi) imazungulira ka 33 pa sekondi, ndipo poti imaphulitsa mafuta kawiri pa kuzungulira kulikonse, kugunda kwake kumakhala 67. Matayala a ngolo nthawi zambiri ndi aang'ono: la 155R13 limazungulira pafupifupi ka 15 pa sekondi pa liwiro lomwelo, la 195R14 pafupifupi ka 13.

Thupi lanu lomwe limasiyanitsa magulu awiri. Za matayala, 11 mpaka 15, mumaziona ndi maso: chiwongolero chikuvina, mpando wopanda munthu ukugwedezeka, madzi a m'botolo akukhavuka. Za propshaft, 45 kupita m'mwamba, simungazione. Zimabwera ngati dzanzi m'mapazi ndi kulira m'makutu, galasi n'kuchita chimbuuzi.

Kuti mupeze nambala yeniyeni, ikani pa foni app yoyeza kugwedezeka, ya mtundu woonetsa ma Hz (kugwedezeka kangati pa sekondi) pa girafu. Foniyo imangidwe zolimba ndi tepi yomatira pa chitsulo cha pansi pa mpando, osati pa dashibodi kapena m'manja. Woiwerenga akhale mnzanu, inu maso pa msewu. Liwiro muzitenga la GPS, chifukwa sipidomita ya galimoto imakonda kuwonjezerako pang'ono. Dziwaninso kuti foni imangoona mpaka theka la maulendo amene imayeza pa sekondi, moti foni yoyeza ka 100 pa sekondi siingaonetse 90 wa majoyinti. Ikapanda kumuonetsa sindiye kuti kulibe.

Kuyesa pa msewu

Sankhani gawo la msewu losalala, lowongoka, lopanda magalimoto ambiri. Mbali zokonzedwanso za msewu wa ku Masvingo, cha ku Beatrice, zimathandiza m'mawa wa Lamlungu. Muziyesa pa gawo lomwelo, mbali yomweyo, ndi katundu yemweyo. Yambani mwayenda makilomita 15 kapena 20, chifukwa matayala ogona nthawi yaitali amaphwatalala pansi ndipo amagunda mpaka atafunda.

Fikani pa liwiro lomwe kunjenjemera kumakula kwambiri, tinene 90, n'kuligwira. Tsopano tsitsani giya imodzi koma liwiro likhale 90 yemweyo. Injini ikwera rpm, pomwe propshaft ndi matayala sizisintha. Kunjenjemera kukatha kapena kukasintha kamvekedwe, nkhani ili ku injini, mamaunting'i ake, flywheel kapena torque converter. Kukakhala chimodzimodzi, ndiye kukutsata liwiro la galimoto, ndipo gwero lili kuyambira kumbuyo kwa giyabokosi mpaka ku matayala a galimoto ndi a ngolo. Pano pali msampha umodzi. Pa giyabokosi ya manual ya magiya asanu, giya ya 4 nthawi zambiri imazunguza injini ndi propshaft pa liwiro limodzi, ndiye nambala zawo zimagundana. Musaweruze muli m'giya imeneyo yokha.

Kenako sewerani ndi phazi. Pa liwiro lomwelo pondani mafuta mwamphamvu, kenako chotsani phazi, kenako pondani pang'ono pongogwira liwiro. Pamalo a fulati opanda galimoto kumbuyo kwanu, pondani klatchi kwa masekondi ochepa chabe. Musayese zimenezi potsetsereka muli ndi ngolo. Kunjenjemera komwe kumabwera mukaponda n'kutha mukachotsa phazi kumaloza ku mapendekedwe a propshaft, majoyinti otha, kapena masipuling'i opotoka. Komwe sikusamala phazi lanu, kumangokula ndi liwiro, kumaloza ku chinthu chosabalansa kapena chopindika. Komwe kumamveka kwambiri phazi likangoyandama, osaponda osachotsa, kumakonda kukhala kusewera kwa mano a slip yoke (polowana pomwe propshaft imatalikira ndi kufupikira) kapena kwa bering'i ya pinion (giya ya m'difu yomwe propshaft imazunguza).

Galimoto itaima, mu neutral, kwezani injini pang'onopang'ono kufika pa rpm yomwe munali nayo pa msewu. Kukamveka muli chiimire, siyani za propshaft. Yang'anani mamaunting'i, ekizozi yokhudza chasisi, ndi ma injector.

Matumba anayi a simenti

Mayeso amene amadula nkhani pakati ndi awa: kukhalitsa galimoto pansi popanda ngolo.

Choyamba yezani kulemera komwe ngolo yodzaza imatsamiritsa pa mpira wa towbar (chitsulo chokolekapo ngolo). Sikelo ya m'bafa imakwana. Imikani chidutswa cha mtengo pa sikeloyo mpaka pa msinkhu wa mpira, mutsitsirepo mutu wa ngolo, mawilo ake atatsekedwa ndi miyala. Ikadutsa malire a sikelo, goneketsani thabwa lolimba mbali ina pa sikelo mbali ina pa njerwa, mutu wa ngolo pakati penipeni, n'kuchulukitsa kawiri zomwe mwawerenga. Kulemera koyenera kumakhala pakati pa 7 ndi 10 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo, koma kusadutse nambala yolembedwa pa kachitsulo ka towbar.

Kulemera kumeneku sikufika pa ekiselo ya kumbuyo monga momwe kulili. Mpira uli kumbuyo kwa ekiselo, ndiye umatukula kutsogolo n'kukanikiza kumbuyo. Hilux ya double cab ili ndi 3,085 mm pakati pa ekiselo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Mpira ukakhala mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo, makilogalamu 150 a pa mpira amasanduka pafupifupi 208 pa ekiselo ya kumbuyo, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi makilogalamu pafupifupi 58. Onjezani anthu a mpando wa kumbuyo, matumba a shuga ndi madiramu a m'bodi, muona chifukwa chake galimoto imayenda itayang'ana kumwamba.

Yezani ndi tepi kuchoka pakati pa wilo la kumbuyo kufika pa mlomo wa bodi, mbali zonse ziwiri, galimoto ili yokha, kenako ngolo itakolekedwa. Lembani. Masulani ngolo, muike matumba a simenti kapena a chimanga a 50 kg pamwamba penipeni pa ekiselo mpaka tepi ionetse nambala ija ya ngolo itakolekedwa. Pa chitsanzo chathu ndi matumba anayi. Amangeni, mubwerere pa msewu uja.

Kunjenjemera kukabwera ndi simenti yokha, ngolo ilibe mlandu. Vuto ndi mapendekedwe a propshaft, kapena chinthu chomwe chimakhudzana galimoto ikakhala pansi, monga ekizozi pa ekiselo kapena ekiselo pa marabala otchingira. Kukapanda kubwera, kwerani nawo mtunda mukuponda kwambiri m'giya yapamwamba. Kukatulukira pamenepo, ndiye kumafuna mphamvu, ndipo mukayang'ane kupotoka kwa masipuling'i, majoyinti ndi giyabokosi. Kukakana ndithu, bwerekani ngolo ina yolemera mofanana. Galimoto ikayenda bwino ndi ya mnzanu, matenda ali pa ngolo yanu.

Mapendekedwe a propshaft

Gawo ili ndi lomwe magalaja ambiri amalidumpha, chifukwa palibe sipeya yothyoka yoti akuonetseni.

Universal joint ikamagwira ntchito itapinda, mbali yolandira siizungulira pa liwiro limodzi. Pa kuzungulira kulikonse imathamanga kawiri n'kuchedwa kawiri. Itapinda madigiri 3, kusinthako ndi pafupifupi 0.14 peresenti mbali iliyonse. Pa madigiri 6 ndi 0.55 peresenti. Onani bwino pamenepa: kupinda kwawirikiza kawiri, koma kusinthako kwawirikiza kanayi. Opanga galimoto amathana nazo poika joyinti yachiwiri yopinda mofanana ndi yoyamba, kuti pomwe ina ikuthamangitsa inzake ikuchedwetsa. Kuti zitheke, kupinda kwa majoyinti awiriwo kusasiyane kupitirira digiri imodzi, joyinti iliyonse isadutse madigiri pafupifupi 3 pa liwiro la pa msewu waukulu, ndipo isatsike pansi pa theka la digiri, chifukwa joyinti yowongoka kotheratu tisingano ta m'mabering'i ake sitiyenda ndipo timadya malo amodzi. Komanso mphanda zogwira majoyinti za kumapeto onse awiri a chubu cha propshaft zikhale pa mzere umodzi.

Ngolo imalowa bwanji apa? Galimoto ikakhala pansi ndi 70 mm, ekiselo yayandikira chasisi ndi 70 mm. Pa propshaft ya chubu chimodzi chotalika 1,500 mm, kupendekeka kumasintha ndi madigiri 2.7. Koma ma double cab ambiri ali ndi propshaft ya zigawo ziwiri yokhala ndi senta bering'i pakati, ndipo chigawo cha kumbuyo chimakhala chachifupi. Chikakhala 800 mm, 70 mm yemweyo amasintha kupendekeka ndi madigiri 5. N'chifukwa chake galimoto ya masipuling'i otopa, yomwe imakhala pansi kwambiri ndi katundu wochepa, imatuluka msanga m'malire.

Pali chinanso chomwe tepi siingakuonetseni. Pa masipuling'i a malifu (zitsulo zazitali zosanjikizana), mawilo akamakankha galimoto kutsogolo, ekiselo imafuna kugudubukira kumbuyo, ndipo mphuno ya difu imadzuka. Masipuling'i okha ndi amene amaigwira. Akakhala ofooka, kapena mabawuti a U akakhala olefuka, kapena munthu anaika mabuloko okweza galimoto pakati pa sipuling'i ndi ekiselo, mphunoyo imadzuka madigiri angapo nthawi iliyonse mukaponda mafuta. Pokoka ngolo yolemera phazi silichoka pa mafuta ngakhale pa fulati, ndiye mphuno imakhala chidzukire ulendo wonse. Kuti muone zimenezi, mangani foni yakale pa chasisi, kamera italoza pa difu, mujambule vidiyo mukunyamuka ndi ngolo komanso mukukwera mtunda.

Poyeza, galimoto ikhale pa simenti ya fulati, mawilo onse pansi, ngolo yodzaza itakolekedwa. Kuyeza galimoto ili pa jeke n'kutaya nthawi. Gwiritsani ntchito geji ya madigiri ya maginito, kapena foni yochotsa kava. Muyeze zitatu, zonse muli mbali imodzi ya galimoto: kupendekeka kwa shafti yotuluka m'giyabokosi, kwa chubu, ndi kwa pinion ya difu. Za giyabokosi ndi difu mumazitenga pa nkhope ya flanji (pomangira mabawuti a propshaft), kapena potembenuza propshaft mpaka kapu ya joyinti iyang'ane pansi, n'kuikapo soketi yoyera, geji pamwamba pa soketiyo. Ziwiri zoyandikana zikapendekekera mbali imodzi, chotserani. Zikapendekekera mbali zosiyana, phatikizani.

Tinene kuti mwapeza giyabokosi madigiri 5, chubu madigiri 4, pinion madigiri 7, zonse kutsogolo kuli m'mwamba. Joyinti ya kutsogolo yapinda digiri 1, ya kumbuyo madigiri 3. Zasiyana ndi madigiri 2 galimoto ili chiimire, ndipo mukaponda mafuta mphuno idzukanso, kusiyanako kukule. Apa pinion ikufunika kutsika. Pa galimoto ya malifu ndi bwino mphuno ya difu iime digiri imodzi kapena awiri pansi pa malo ake oyenera, kuti ikadzuka pokoka ifike pomwe ikufunika. Pa propshaft ya zigawo ziwiri, joyinti yoyamba imakhala yopinda pang'ono, cha m'ma digiri imodzi, ndipo zomwe ziyenera kufanana ndi yapakati ndi ya ku difu.

Kukonza kwake kumayamba ndi masipuling'i, osati ma shim (timapuleti topendeketsa ekiselo). Ngati malifu awongoka, lina lathyoka, kapena galimoto yapendekera mbali imodzi, bwezerani msinkhu kaye posintha masipuling'i kapena kuwapindanso, pamodzi ndi mabushi ake. Kuwonjezera lifu kumathandiza pokoka, koma kumakweza galimoto ikakhala yopanda katundu, ndipo nthawi zina kumabweretsa kunjenjemera kwatsopano ponyamuka. Msinkhu ukabwerera, yezaninso. Pokhapo ndi pomwe mungaike ma shim opendeketsa, omwe amapezeka a digiri 1 mpaka 4, pakati pa sipuling'i ndi mpando wake pa ekiselo, mbali zonse ziwiri ofanana. Achitsulo ndi abwino kuposa a aluminiyamu, omwe amasweka. Onetsetsani kuti mutu wa senta bawuti ukulowabe mokwanira m'bowo lake. Mbali yonenepa ya shim iloze kuti? Zimadalira ngati sipuling'i ili pamwamba kapena pansi pa ekiselo, choncho ikani, mutsitse galimoto, muyeze, musanamange komaliza.

Galimoto yokwezedwa imafunanso kutsitsa senta bering'i ndi timapuleti, mamilimita ochepa nthawi iliyonse, mukuyesa pa msewu. Maunting'i ya giyabokosi yophwanyika imatsitsa mchira wa giyabokosi n'kusokoneza joyinti yoyamba, ndiye iyang'aneni musanakhudze za kumbuyo.

Za mzere wa mphanda, vuto limabwera propshaft ikasololedwa pa mano ake, mwina posintha senta bering'i kapena klatchi, n'kubwezedwa italumpha dzino limodzi kapena awiri. Yopanda katundu siimveka chifukwa majoyinti apinda pang'ono. Ndi ngolo imamveka. Yang'anani mivi kapena zizindikiro za ku fakitale pa zigawo ziwirizo. Pali magalimoto ena omwe anapangidwa dala mphanda zitasemphana pang'ono, choncho lamulo n'kulemba ndi penti musanamasule chilichonse.

Majoyinti, senta bering'i ndi chubu

Tsekani mawilo, kokani handibuleki, giya mu neutral kuti propshaft imasuke. Gwirani chubu ndi dzanja limodzi, flanji ndi linalo, mupotoze uku ndi uku, kenako mukankhe m'mwamba ndi pansi. Joyinti yabwino siisewera ngakhale pang'ono. Mabuku ambiri a Toyota amalola 0.05 mm basi, zomwe dzanja silingamve. Fumbi lofiira ngati dzimbiri pa mlomo wa kapu likutanthauza kuti tisingano tauma ndipo tikudyana.

Koma joyinti yoopsa ndi yomwe yagwira. Siisewera, ndiye poyesa ndi dzanja imaoneka yabwino. Njira yake n'kumasula propshaft, mutalemba flanji ndi penti, n'kupinda joyinti iliyonse mbali zonse ziwiri. Iyende mofewa mofanana. Ikamalimba pena n'kumasuka pena, yatha. Mukangoima pa ulendo, kapu yotentha kuposa zinzake imakuuzani zomwezo, ngati muli ndi choyezera kutentha cholozera patali. Zokhala ndi nipo zipopedwe girizi mpaka watsopano atuluke m'makapu onse anayi. Akatuluka atatu okha, yachinayiyo ndi imene idzakugonetseni pa malire a Nyamapanda. Pa slip yoke musapope mpaka kudzaza, chifukwa girizi wochuluka amaletsa shafti kufupika galimoto ikakhala pansi, ndipo imakankha giyabokosi ndi difu.

Senta bering'i imafa pawiri. Rabala wake akang'ambika kapena kunyentchera, chubu chimatsika n'kumavina, ndipo chizindikiro chake ndi gu-gu-gu ponyamuka, pakati pa 10 ndi 30 km pa ola, pansi pa mpando. Bering'i yeniyeniyo ikauma imalira mokwera ndi liwiro. Pomanga yatsopano, mabawuti ake amangidwe galimoto itaima pa mawilo ake, bering'iyo ili pakati, yosakokedwera kutsogolo kapena kumbuyo.

Kusabalansa kwa propshaft anthu amakuderera chifukwa timapuleti towotchereredwa pa chubu timaoneka tating'ono. Magalamu 10 pa mtunda wa 40 mm kuchoka pakati pa shafti, pa 2,700 rpm, amakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 3, ka 45 pa sekondi iliyonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Matope ouma a nthawi ya dzinja, phula lomatirira, waya kapena saka yokulungika, kapuleti kothothoka komwe kasiya malo oyera, zonsezi n'zokwanira. Chubu chopindika pogunda mwala chimayezedwa ndi dial gauge kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Malire a m'mabuku ambiri a Toyota ndi 0.8 mm pa chubu ndi 0.1 mm pa flanji ya difu. Mayeso aulere ndi awa: masulani mabawuti anayi a flanji ya ku difu, tembenuzani propshaft theka la kuzungulira, mumangenso. Kunjenjemera kukasintha, kaya kuchepa kaya kukula, mwatsimikiza kuti nkhani ili pa propshaft kapena flanjiyo.

Ena amabalansa ndi makilipi a paipi, kulemba chubu malo anayi ndi choko n'kumasuntha mutu wa kilipi mpaka kunjenjemera kuchepe. Zimathandiza munthu ali kutali, ku Tete kapena ku Mutoko. Muli mu Harare, kwa okonza ma propshaft m'madera a mafakitale ngati Graniteside, Southerton ndi Msasa n'kosavuta kufikako. Apatseni propshaft yonse, zigawo zonse ziwiri ndi senta bering'i yake, aibalanse ili yolumikiza. Ndipo wina akakuuzani kuti achotse senta bering'i n'kuika chubu chimodzi chachitali, kanani. Chubu chikatalika, liwiro lomwe chimayamba kukwapula limatsika kwambiri, ndipo lingagwere pa liwiro lomwe mumayendapo.

Gwedezaninso flanji ya difu m'mwamba ndi pansi. Ikasewera, kapena oyilo akudontha pa siili, bering'i ya pinion yalefuka. Musangoimanga nati yake ndi mfuti ya mpweya. M'madifu ambiri muli kachitsulo kofinyika komwe kamasunga kulimba kwa mabering'i, ndipo kakafinyika mopitirira sikabwerera.

Pomwe propshaft imanamiziridwa

Galimoto ya automatic ili ndi klatchi m'kati mwa torque converter yomwe imagwira pa liwiro la pa msewu. Oyilo akakalamba kapena kupsa ndi kukoka, klatchiyo imagwira n'kuterereka mofulumira, ndipo zimamveka ngati mwaponda timahampu tating'onoting'ono ta pafupi ndi tolgeti, kwa masekondi angapo, nthawi zambiri pakati pa 60 ndi 90 km pa ola mukuponda pang'ono. Zikayamba, khudzani buleki pang'ono ndi phazi lamanzere, lamanja lili pa mafuta. Pa magalimoto ambiri zimenezi zimamasula klatchiyo, ndipo kunjenjemera kukatha nthawi yomweyo, mwapeza. Yambani ndi kusintha oyilo, wa mtundu weniweni wolembedwa m'buku.

Pa manual, chofala n'kukokera m'giya ya 5 kapena ya 6 injini ili pansi pa 1,800 rpm pofuna kusunga dizilo. Kugunda kwa masilinda anayi kumadutsa m'giyabokosi mpaka ku difu, galimoto yonse n'kumalira. Tsitsani giya. Ngati galimoto ili ndi dual mass flywheel, kukoka kotereku ndi komwe kumaipha. Wa 4x4 aonetsetsenso kuti ili mu 2H (kuyendera mawilo a kumbuyo okha), ndipo mahabu a kutsogolo, ngati ndi otembenuza pamanja, ali pa free.

Matayala a galimoto ndi a ngolo

Kutsogolo kukapepuka, kusabalansa kochepa kwa matayala a kutsogolo, kapena tie rod yosewera, kumayamba kumveka pa chiwongolero pomwe kale kulemera kunkakubisa. Kumbuyo, tayala lolemedwa lopanda mpweya wokwanira limatentha, ndipo lomwe lamba wake wayamba kulekana m'kati limatupa likafunda. Kunjenjemera komwe kumayamba mutayenda theka la ola kumakonda kukhala kumeneku. Popani mpweya wa katundu wodzaza monga zalembedwa pa chitseko, matayala ali ozizira. Kwezani wilo lililonse, mulizunguze pafupi ndi njerwa yoimika, muone ngati mpata ukusintha. Ukadutsa 1.5 mm umayamba kumveka, ndipo kubalansa sikuwongola tayala kapena limu lopindidwa ndi dzenje.

Matayala a ngolo ndi amene saonedwa n'komwe. Ambiri sanabalansidwepo chigulire, amakhala miyezi padzuwa pamalo amodzi, ndipo ena ndi otsala pa galimoto zakale. Werengani manambala anayi omaliza a DOT pambali pa tayala: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mapanga a tayala angakhale akuya koma rabala atafa. Kwezani wilo, mugwire pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Kusewera kwakukulu kapena kulira kwa mchenga ndi mabering'i ofuna girizi, kumangidwanso ndi split pin yatsopano, kapena kusinthidwa. Pa ngolo ya mabuleki, dramu yosazungulira bwino kapena buleki yogwira mbali imodzi imakoka galimoto mwa apo ndi apo, ndipo habu yake imatentha kuposa inzake. Kunjenjemera kobwera n'kupita ngati mafunde kumachitika matayala awiri osabalansa, oyandikana kukula, akamagwirizana kenako n'kusemphana.

Ngolo iyende yowongoka, osati yoweramira kutsogolo kapena kumbuyo, makamaka ya ma ekiselo awiri, pomwe kupendekeka kumalemetsa ekiselo imodzi. Katundu wolemera akhale pansi, pang'ono kutsogolo kwa ekiselo. Mutu wa ngolo ukhale wa 50 mm monga mpira, wosasewera, ndipo mabawuti a towbar pa chasisi ayesedwe ndi sipanala, osati ndi maso. Ngolo yogwedeza mchira uku ndi uku ndi matenda ena, a kuchepa kwa kulemera pa mpira, ndipo imeneyo musapitirize nayo kuyesa. Chotsani phazi pang'onopang'ono, muime, mupangenso katundu.

Chilichonse chomwe mwasintha, sinthani chimodzi, mubwerere pa gawo lija la msewu ndi katundu yemwe uja, mulembe nambala ya pa foni. Ngati mwamasula mabawuti a U, ikani atsopano, chifukwa akale amakhala atakokeka. Amangeni mopingasa ndi torque wrench pa nambala ya m'buku la galimoto yanu, galimoto itaima pa mawilo ake, ndipo muwayesenso mukayenda makilomita mazana angapo oyamba ndi katundu, chifukwa malifu ndi ma shim amakhazikika n'kusiya mpata.